Arthur Ashe, Katswiri wa Tenisi Amene Anamanidwa Viza

Pa 5 Julaye 1975, ambiri ku Wimbledon ankati Jimmy Connors, mnyamata wa zaka 22, amuchita chipongwe Arthur Ashe. Koma Ashe, wa zaka 31, anabwera ndi nzeru. M'malo momenya mpira mwamphamvu, ankaupereka pang'onopang'ono, motsika, kenako n'kuuponya m'mwamba. Connors anasowa pogwira. Nthawi yopuma, Ashe ankangokhala pampando atatseka maso. Anapambana 6-1, 6-1, 5-7, 6-4.

Anabadwa mu 1943 ku Richmond, Virginia, komwe mabwalo a azungu anali oletsedwa kwa mwana wakuda. Atapambana US Open mu 1968, mphoto ya madola 14,000 inapita kwa Tom Okker yemwe anagonja, chifukwa Ashe sankasewera molipidwa. Zopweteka ndithu.

Boma la tsankho la South Africa linamumana viza kangapo, mpaka linalola mu 1973. Ku Cameroon, mu 1971, Ashe ndiye anaona luso la kamnyamata kotchedwa Yannick Noah.

Matenda a mtima anamusiyitsa Ashe tenisi mu 1980. Anatenga HIV kudzera m'magazi omwe anamuika pomuchita opaleshoni, ndipo anamwalira mu 1993 ali ndi zaka 49.