Makota Khumi ndi Asanu Ndi Mamita Angati?

Makolo ambiri amabwerera m'mbuyo mwana akawasonyeza kope la masamu muli manambala osanjikizana, ina pamwamba, ina pansi, ndi kamzere pakati. Amati zimenezo n'za aphunzitsi. Motero mwana amakhala yekha ndi mafulakishoni ake, naloweza malamulo amene sawamvetsa, ndipo pofika mayeso a Sitandade 8 malamulowo amakhala atasokonezeka m'mutu. Mwezi uno tifuna tikambirane mbali imodzi yokha ya masamu amenewa, ndi kuonetsa kuti mayi kapena bambo aliyense wodziwa kugula ndi kugawa zinthu amaidziwa kale, ngakhale sanaiphunzire m'kalasi.

Dzina la chidutswa ndi chiwerengero chake

Tikadula lalanje m'zidutswa zinayi zofanana, chidutswa chilichonse timachitcha kota, ndipo timalemba 1/4. Nambala yapansi imatiuza kuti chinthu chathunthu chadulidwa m'zidutswa zingati; tingati ndiyo dzina la chidutswacho. Nambala yapamwamba imatiuza kuti zidutswa zotere tili nazo zingati.

Tsopano tinene kuti m'mbale muli makota 11. Timalemba 11/4. Pano nambala yapamwamba yaposa yapansi, kusonyeza kuti zidutswazo zapitirira lalanje limodzi. Kusukulu fulakishoni yotere amaitcha improper fraction. Tikalumikiza zidutswazo zinayizinayi tipeza malalanje awiri athunthu, ndipo patsala makota atatu. Timalemba 2¾, ndipo nambala yathunthu yokhala ndi fulakishoni pambali pake chotere ndiyo imene amaitcha mixed number. Malalanje sanachuluke ndipo sanachepe, tangosintha kanenedwe.

Njira yake

Zimene tachita ndi manja, mwana amazichita ndi pensulo m'masitepe atatu. Choyamba, agawe nambala yapamwamba ndi yapansi: 4 amalowa kawiri mu 11. Yankho limeneli, 2, ndilo nambala yathunthu. Chachiwiri, aone zotsala: 11 kuchotsa 8 patsala 3, ndipo 3 ameneyu akwera pamwamba pa kamzere. Chachitatu, nambala yapansi aisiye monga inaliri, pakuti kota ndi kota ndithu, kaya alipo 11 kaya atsala atatu.

Onani mmene zimenezi zimagwirira ntchito pakhomo. Telala wanena kuti malaya a mwana mmodzi afuna nsalu ya makota atatu a mita, ndipo ana alipo asanu. Nsalu yonse ndi makota 15, ndiye kuti 15/4. Koma palibe amene amapita kusitolo kukapempha makota khumi ndi asanu. Mu 15, 4 amalowa katatu, natsala 3. Choncho mayi akagula mamita 3¾. Akaphonya n'kugula mamita atatu okha, mwana mmodzi adzasowa malaya.

Chimodzimodzi munthu akatiuza kuti adzabwera pakapita masiku 17, timaona msanga kuti akunena masabata awiri ndi masiku atatu. Pamenepo tasandutsa 17/7 kukhala 2 ndi 3/7 osagwira pensulo. Agogo athu ankachita zomwezi ndi ndalama. Kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971, makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo wogulitsa nkhuku aliyense ankadziwa kuti makobiri 30 ndi masheleni awiri ndi theka.

Pamene ana amapunthwa

Cholakwa chofala ndicho kusinthanitsa malo. Mwana apeza bwino 2 ndi 3, koma aiwala kuti uti apita kuti, nalemba 3 ndi 2/4. Mankhwala ake ndi funso limodzi: kodi zathunthu zatuluka zingati? Mwana amene wagwira zidutswa ndi manja ake sangasokoneze malalanje athunthu ndi zidutswa zotsala.

Ena amaima ntchito isanathe. Pa 14/4 amapeza 3 ndi 2/4, osaona kuti makota awiri ndi theka, ndipo yankho lomaliza ndi 3½. Enanso amadabwa pamene sipatsala kanthu, monga pa 12/4, nayesa kuti alakwa. Sanalakwe ayi, yankho ndi 3 basi.

Mwana aphunzirenso kudziyesa yekha pobwerera m'mbuyo. Pa 2¾ achulukitse 2 ndi 4, apeza 8. Awonjezepo 3, apeza 11. Akafika pa 11/4 pamene anayambira, adziwa kuti wakhoza, ndipo sasowa womuuza. Chizolowezi chimenechi chimapulumutsa malikisi ambiri m'chipinda cha mayeso.

Achinyamata a kusekondale adziwenso kuti dzina la improper lisawanyenge, ngati kuti fulakishoni yotere ndi yolakwika. Pochulukitsa kapena pogawa mafulakishoni, 11/4 ndi yosavuta kugwira kuposa 2¾. Koma pouza munthu kuchuluka kwa chinthu, 2¾ ndiyo imamveka msanga, chifukwa imaonetsa kuti chinthucho chapitirira 2 ndipo chatsala pang'ono kufika pa 3. Wophunzira wanzeru amadziwa zonse ziwiri ndi nthawi yogwiritsa ntchito iliyonse.

Masamu akalekale

Ana ena amayesa kuti mafulakishoni anapekedwa ndi aphunzitsi pofuna kuwavutitsa. Koma kuyambira kalekale anthu ankawagwiritsa ntchito pogawana chakudya. Ku British Museum, mu mzinda wa London, kuli mpukutu wa gumbwa umene mlembi wa ku Egypt dzina lake Ahmes analemba cha m'ma 1550 Khristu asanabadwe, ndipo Alexander Henry Rhind wa ku Scotland anaugula ku Luxor mu 1858. Ena mwa masamu oyamba m'mpukutumo ndi a kugawa mikate kwa anthu khumi mosakondera.

Kalembedwe kathu ka lero kanadza pang'onopang'ono. Akatswiri a ku India, monga Brahmagupta amene analemba buku lake mu 628, ankaika nambala ina pamwamba pa inzake popanda kamzere. Kamzereko kanaonekera m'zolemba za al-Hassar wa ku Morocco m'zaka za m'ma 1100, ndipo Fibonacci wa ku Pisa anakafalitsa ku Europe m'buku lake la mu 1202. Iye ankalemba fulakishoni kumanzere kwa nambala yathunthu, motsatira alembi a Chiarabu, pamene ife timaiika kumanja. Choncho kamzere kamene mwana wanu amajambula m'kope lake kali ndi mbiri yake muno mu Africa.

Zoyesa pakhomo

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana akamvetsa mbali imeneyi adakali ku pulayimale, madesimo, mapelesenti ndi masamu a kusekondale sadzamuopsa. Sikofunika kugula buku. Dulani mapepala kapena mapesi m'zidutswa zofanana, mum'patse mwana mulu, ndipo mum'funse kuti zathunthu zituluka zingati ndi kuti patsala zingati. Akayankha ndi manja, alembe ndi pensulo.

Yambani ndi izi: 7/2, 10/3, 23/5 ndi 18/4. Mayankho ake ndi 3½, 3 ndi 1/3, 4 ndi 3/5, ndi 4½. Koma musam'uze msanga, muyambe mwamva maganizo ake. Ndipo tsiku lina popita kukagula nsalu kapena mafuta ophikira, mutengeni, kuti iye ndiye akawerengere.