Zinthu 12 zodabwitsa za waya umodzi wonyamula mawu ndi intaneti

M'zaka za m'ma 1990, m'nyumba ndi m'maofesi momwe munali foni yapansi, foni ndi intaneti zinkalimbirana waya. Wina akalowa pa intaneti, aliyense woyimba kuchokera kunja ankapeza kuti foni ili bize. Wina akanyamula foni m'chipinda china, intaneti inkaduka, ndipo mkangano unkabuka. Kenaka kunabwera luso lotchedwa ADSL, ndipo waya womwewo unayamba kunyamula zonse ziwiri nthawi imodzi, popanda kukumba ngalande zatsopano kapena kuzika mitengo ina. Izi zinatheka chifukwa waya wa kopa sunali wofooka ayi. Zipangizo za kumapeto kwake ndizo zinkangogwiritsa ntchito kachigawo kakang'ono ka mphamvu zake. Nazi mfundo 12 zosonyeza momwe zinachitikira.

1. Mawu a munthu amatenga malo ochepa kwambiri pa waya

Mawu amayenda pa waya ngati mafunde a magetsi, ndipo mafundewo amayezedwa powerenga kuti akugwedezeka kangati pa sekondi imodzi. Kugwedezeka kamodzi pa sekondi ndiye hertz imodzi. Khutu la mwana wathanzi limamva mpaka ma hertz 20,000, koma akatswiri a mafoni anaona kuti munthu amamveka bwino ndithu ngakhale utangotumiza mawu a pakati pa ma hertz 300 ndi 3,400. N'chifukwa chake mawu a pa foni yapansi amamveka opyapyala, ndipo "s" ndi "f" zimavuta kusiyanitsa. Koma waya womwewo umatha kunyamula mafunde opitirira ma hertz 1,000,000. Kwa zaka pafupifupi 100, makampani a mafoni anali ngati mlimi wokhala ndi munda waukulu koma n'kumangolima mzere umodzi mwa mizere yoposa 300, kwinako kuli tsala.

2. Kulira kwa modemu yakale kunali kuyankhula kwa makina awiri

Amene anagwiritsapo ntchito intaneti yochita kuyimba nambala sangaiwale kuswaya ndi kulira kumene kunkamveka kompyuta isanalumikizike. Sikunali kuwonongeka kwa chinthu. Popeza foni inkalola mawu okha kudutsa, modemu inkasandutsa uthenga wa kompyuta kukhala phokoso loti lilowe m'kanjira ka mawu a munthu. Modemu ya kunyumba ndi ya kumbali inayo zinkayamba ndi kupatsana moni, kenaka n'kuyesa ukhondo wa waya ndi kugwirizana liwiro loti ziyendere. Kwa makina a ku ekisichenji, komwe mawaya a dera lonse amakumana, kumeneku kunali kuyimba foni ngati kwina kulikonse. Apa ndiye panagona vuto: kanjira ka mawu kanali kamodzi, ndipo kompyuta ikakalowa, munthu analibe podutsa. Modemu ya Bell 103, yomwe inatuluka ku America mu 1962, inkatumiza mabiti 300 okha pa sekondi.

3. Malire a makilobiti 56 sanaikidwe ndi waya

Pofika mu 1998, modemu zoyimba nambala zinafika pa makilobiti 56 pa sekondi ndipo sizinapitirirenso. Chifukwa chake chinali ku ekisichenji. Makina a kumeneko ankajambula mawu ka 8,000 pa sekondi, ndipo kujambula kulikonse kunkasungidwa m'mabiti 8. Mukachulukitsa mupeza makilobiti 64, ndipo chilichonse chodutsa ngati mawu sichikanaposa pamenepo. Ku America malamulo oletsa kukweza kwambiri mphamvu ya magetsi pa waya ankachititsa kuti liwirolo lithere pa makilobiti 53. Nyimbo imodzi ya mamegabaiti 4 inkatenga mphindi pafupifupi 10 kuti itsike. ADSL inalambalala vutoli pochotsa data pa waya isanalowe m'makina a mawu, n'kuipereka ku chipangizo china chotchedwa DSLAM. Pa liwiro la mamegabiti 8, nyimbo yomweyo imatsika m'masekondi 4.

4. Nzeru yogawana waya ndi yakale ngati foni yomwe

Alexander Graham Bell asanapeze foni mu 1876, ankafufuza njira yotumizira mauthenga ambiri a telegalafu pa waya umodzi, uliwonse ndi kaliridwe kakekake. Pakatikati pa kafukufuku ameneyu m'pamene anazindikira kuti mawu a munthu nawonso angathe kuyenda pa waya. Mu 1882, wasayansi wa ku Belgium, François van Rysselberghe, anapeza njira yoti telegalafu ndi foni ziziyenda pamodzi pa mawaya a telegalafu omwe analipo kale, popanda kusokonezana. Zimene ADSL inachita patatha zaka zoposa 100 ndi zomwezo: kupatsa uthenga uliwonse mafunde akeake pa waya umodzi.

5. ADSL sinapangidwire intaneti

Pamene luso limeneli linkayesedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu wamba ambiri anali asanamvepo za intaneti. Makampani a mafoni ku America ankachita nsanje ndi makampani otumiza wailesi yakanema kudzera pa nthambo, ndipo ankafuna kuti munthu azisankha filimu ali m'nyumba mwake, filimuyo n'kubwera kudzera pa waya wa foni. Malondawo sanayende. Zipangizo zinali zokwera mtengo ndipo ntchitoyo inangothera pa kuyesa. Luso likanaiwalika, koma intaneti itafalikira, anthu anatopa ndi kudikira masamba kuti atseguke, ndipo makampani anakumbukira kuti yankho anali nalo kale. Chodabwitsa n'chakuti pambuyo pake mafilimu anadzayendadi pa mawaya omwewo, koma kudzera pa intaneti.

6. Kutsitsa kumathamanga kuposa kutumiza mwadala

Chilembo A m'dzina la ADSL chikuimira kusafanana kwa liwiro la mbali ziwirizi. Muyezo wa mu 1999 wa bungwe la ITU unkapereka mamegabiti 8 potsitsa koma pafupifupi megabiti imodzi yokha potumiza. Ambiri amaganiza kuti chifukwa chake n'choti anthu amatsitsa zambiri kuposa zomwe amatumiza. N'zoona, koma palinso chifukwa cha magetsi chimene Joseph Lechleider wa ku kampani yofufuza za mafoni ya Bellcore anachifotokoza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pafupi ndi ekisichenji mawaya mazanamazana amamangidwa mtolo umodzi, ndipo mafunde a waya wina amadumphira kwa unzake. Uthenga wochokera kunyumba umafika pamenepo utafooka ndi ulendo, pomwe wochoka ku ekisichenji umakhala udakali wamphamvu, ndiye wofookawo umamira. Lechleider anaona kuti mukachepetsa zochokera kunyumba, mbali yotsitsa imatha kuthamanga kwambiri.

7. Modemu imodzi ya ADSL ili ndi tinjira 256

John Cioffi, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Stanford, anayambitsa kampani ya Amati mu 1991 ndi nzeru yomwe ambiri ankaikayikira. M'malo motumiza data yonse pa funde limodzi lalikulu, anagawa waya m'tinjira 256, kalikonse kotambalala ma hertz 4,312.5, kufika pa ma hertz 1,104,000. Tinjira ta pansi penipeni timasiyidwa kuti mawu adutse mwamtendere. Kuyambira pa ma hertz pafupifupi 26,000 mpaka 138,000 ndi malo a zotumiza, ndipo kumtunda konseko ndi kwa zotsitsa. Mukayatsa modemu n'kumaona kanyali kakuphethira, ndiye kuti ikuyesa kanjira kalikonse payekhapayekha. Koyera imakasenzetsa mabiti ofika 15 nthawi imodzi, kaphokoso imakapatsa ochepa, ndipo koipitsitsa imangokasiya. Mu 1993 Bellcore inapikisanitsa njira zosiyanasiyana ndipo ya Amati inapambana. Mu 1997 kampani ya Texas Instruments inagwirizana zogula Amati pa mtengo wa madola 395 miliyoni.

8. Chosungitsa mtendere ndi kafyuluta kosafuna batire

Kuti mawu ndi data zisalowererane, pakati pa khoma ndi foni amaikapo kafyuluta kokwana m'chikhatho. M'kati mwake mulibe kompyuta ndipo sikalumikizidwa ku magetsi. Muli timakoyilo ta waya ndi timakapasita basi. Ntchito yake ndi kulola mafunde apansi kupita ku foni ndi kutsekereza apamwamba. Kakasowa, woyankhula amamva kuswaya m'khutu, ndipo intaneti imatha kuduka nthawi iliyonse wina akanyamula kapena kubweza foni. Chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku waya womwewo chimafuna fyuluta: makina a fakisi, alamu ya akuba, makina olipirira ndi khadi. Amakaniko a mafoni akaitanidwa kuti intaneti ikuvuta, chimodzi mwa zoyamba kufufuza chinkakhala foni yoiwalika m'chipinda china yomwe inalibe fyuluta.

9. Chomwe chinkakometsa mawu chinkapha intaneti

Cha m'ma 1900, George Campbell ndi Michael Pupin, potsatira masamu a Oliver Heaviside, anasonyeza kuti kuika makoyilo pa waya motalikirana mofanana kumathandiza mawu kufika kutali asanazilale. Ku America koyilo yotere inkaikidwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1.8 aliwonse pa mawaya aatali. Koma makoyilowo amakometsa mafunde a mawu popha onse apamwamba, omwe ndi malo a ADSL. Motero makampani anayenera kutumiza antchito kukwera m'mitengo ndi kulowa m'maenje kukachotsa zinthu zomwe anzawo akale anaziika monyadira. Nyumba yomwe waya wake unali ndi koyilo ngakhale imodzi yotsala sinkatha kulandira ADSL.

10. Anthu olipira mofanana ankalandira liwiro losiyana

Mafunde apamwamba amazilala msanga kuposa apansi. Wokhala pafupi ndi ekisichenji ankapeza tinjira tonse, pomwe wakutali ankangotsala ndi tapansi tokha. Waya ukapitirira makilomita 5, ADSL inkayamba kulephereratu ngakhale mawu ankamveka bwinobwino. Ndipo chowerengedwa ndi kutalika kwa waya weniweniwo, womwe umazungulira m'misewu, osati mtunda wolunjika. ADSL2+ ya mu 2003 inkafika mamegabiti 24, koma kwa oyandikira okha. Njira yaikulu yowonjezera liwiro inali kufupikitsa kopa, ndiye makampani anayamba kubweretsa faiba mpaka m'mabokosi a m'mbali mwa msewu. Luso la G.fast, lomwe linavomerezedwa mu 2014, limayandikira gigabiti imodzi pa sekondi, koma pa waya wosapitirira mamita 100.

11. Wailesi yakanema yakale inasokoneza mudzi wonse

Mbali ya mafunde a ADSL ndi yomweyo yomwe nyumba zoulutsira mawu za AM zimagwiritsa ntchito, ndipo waya wautali wa pa mitengo umawatola. Usiku, mawailesi akutali akayamba kumveka, liwiro la intaneti limatha kutsika. Zipangizo zowonongeka za m'nyumba nazonso zimatulutsa phokoso lotere. M'mudzi wa Aberhosan ku Wales, intaneti inkavuta tsiku lililonse nthawi ya 7 koloko m'mawa kwa miyezi 18. Akatswiri a kampani yosamalira mawaya a mafoni ya Openreach anasintha nthambo koma vuto silinathe. Mu 2020 anayenda m'mudzimo m'mamawa ndi chipangizo choyezera mafunde, ndipo anapeza kuti munthu wina ankayatsa wailesi yakanema yakale nthawi imeneyo. Mwiniwakeyo, yemwe sankadziwa kanthu, anavomera kusiya kuiyatsa, ndipo vutolo linatheratu.

12. ADSL inayendapo pa chingwe chonyowa

Mu Disembala 2017, katswiri wa kampani ya intaneti ya Andrews & Arnold ku Britain anachotsa kopa pa kachigawo ka mamita 2 n'kumangapo zingwe wamba ziwiri zoviikidwa m'madzi a mchere. Modemu inalumikizika ndipo inatsitsa data pa liwiro la mamegabiti 3.5 pa sekondi, kuposa modemu yoyimba nambala maulendo opitirira 60. Anangochita izi mwa nthabwala, koma zinasonyeza mphamvu ya nzeru ya Cioffi: modemu siifuna waya wangwiro, imangofufuza tinjira tomwe tingadutsike n'kugwiritsa ntchito tomweto.

Luso la ADSL linafalikira mwamsanga m'mayiko omwe munali kale mafoni apansi ambiri. South Korea inayamba mu 1999, ndipo ku South Africa kampani ya Telkom inayamba kugulitsa ADSL mu 2002 pa liwiro la makilobiti 512. Ku Malawi ndi ku Zambia, komwe mawaya a foni sanafike m'makomo ambiri, anthu ochuluka anaidziwira intaneti pa foni ya m'manja. Lero zinthu zatembenuka. Poyamba data inkadzisandutsa mawu kuti iloledwe kudutsa, koma tsopano mawu ndiwo amasandutsidwa data, monga zimachitikira mukayimba pa WhatsApp. Ku Britain kunakonzedwa kuti makina akale a foni yapansi azimitsidwe pofika Januwale 2027. Pali chinthu chimodzi chomwe chikutayika: foni yakale inkalandira mavoti 48 kuchokera ku mabatire a ku ekisichenji, choncho inkagwirabe ntchito magetsi akazima. Foni yodalira intaneti imazima pamodzi ndi rauta. Ngati foni ya m'nyumba kapena ya ku ofesi kwanu yasamutsidwira pa intaneti, onetsetsani kuti rautayo ili ndi batire yakeyake.