Goloboyi wa Tsiku Limodzi: Mbiri ya Jimmy Glass

Tikamamva pa wailesi za mpira wa ku Mangalande, maina amene amatchuka ndi a matimu ngati Manchester United, Liverpool ndi Arsenal. Izi zimachititsa ana athu kuganiza kuti aliyense wosewera mpira kumeneko ndi mpondamatiki. Koma ligi ya dzikolo ili ndi matimu 92 amene anagawidwa m'magulu anayi, ndipo m'magulu a m'munsi muli anthu ambirimbiri amene mpira ndi ganyu chabe yopezera chakudya cha ana. Makontirakiti awo amakhala a chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ligi ikamatha sadziwa ngati chaka chamawa adzakhale pa ntchito. Mmodzi mwa anthu otere anali goloboyi wotchedwa Jimmy Glass.

Malo ndi amodzi okha

Tisanapite patali, tiyenera kumvetsa vuto la ugoloboyi. Timu imalowetsa osewera khumi ndi mmodzi, koma pagolo pamaima munthu mmodzi basi. Wosewera kumbuyo akasowa malo, mphunzitsi angathe kumuyesa pakati. Wosewera kutsogolo angathe kulowa mphindi khumi zomaliza n'kudzionetsa. Goloboyi alibe mwayi umenewu, chifukwa kawirikawiri mphunzitsi samusintha pokhapokha atavulala kapena atatulutsidwa ndi oyimbira. Choncho goloboyi wachiwiri amachita mapulakatisi sabata yonse, koma Loweruka likafika amangokhala pa benchi kudikira tsoka la mnzake.

Umu ndi mmene Glass anayambira. Iye anabadwa m'chaka cha 1973 ndipo analowa timu ya Crystal Palace ya mu mzinda wa London ali mnyamata. Kumeneko pagolo panali katswiri wina, Nigel Martyn, amene anadzasewereranso timu ya dziko la England. Glass anakhala ku Palace mpaka 1996 osagwirako ngakhale masewero amodzi a mu ligi, kupatula pamene ankamubwereketsa ku matimu ena monga Portsmouth.

Ataona kuti zaka zikupita, anatsikira ku Bournemouth, timu imene panthawiyo inali m'gulu lachitatu. Uku ndiye anapeza malo, nasewera masewero a mu ligi opitirira 90. M'chaka cha 1998 timu yake inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha matimu a m'magulu a m'munsi pa bwalo lotchuka la Wembley. Koma tsoka silinunkha: mpira unamugunda iye mwini n'kulowa m'golo lake, ndipo Grimsby Town inapambana 2-1. Chaka chomwecho anapita ku Swindon Town, komwe sanamvane ndi mphunzitsi, nabwereranso pa benchi.

Masewero atatu ku Carlisle

Kumpoto kwenikweni kwa England, pafupi ndi malire a Scotland, kuli mzinda wa Carlisle. Timu ya kumeneko, Carlisle United, inalowa mu ligi m'chaka cha 1928 ndipo mu 1974 inafikako m'gulu loyamba. Koma pofika 1999 zinthu zinali zitathina. Timuyi inali kumchira kwa gulu lachinayi, ndipo lamulo linali lakuti timu yomaliza ituluke mu ligi, ikasewere ndi matimu amene ambiri mwa osewera ake ankagwira ntchito zina masana. Kutuluka kotere kumatanthauza kuchepa kwa ndalama, kuchotsedwa kwa osewera ndi antchito, mwinanso kutha kwa timu kumene.

Pamwamba pa mavutowa, Carlisle inali itagulitsa goloboyi wake Tony Caig ku Blackpool, ndipo amene inabwereka m'malo mwake anaitanidwanso ndi eni ake. Nyengo yogula osewera inali itatsekedwa, koma akuluakulu a ligi analola kuti timuyi ibwereke goloboyi mwapadera. Kutatsala masewero atatu okha, Jimmy Glass anafika mu mzinda umene sankaudziwa, kudzagwira ntchito ndi anthu achilendo. Masewero awiri oyamba anafanana mphamvu ndi Darlington komanso Hartlepool.

Tsiku lomaliza linali la 8 May 1999. Carlisle inali pansi penipeni, ndipo Scarborough inali pamwamba pake ndi pointi imodzi. Scarborough inafanana mphamvu 1-1 ndi Peterborough, ndipo ochemerera ake anathamangira m'bwalo kukavina poganiza kuti apulumuka. Koma pa bwalo la Brunton Park ku Carlisle mpira unali usanathe. Zigoli zinali 1-1 ndi Plymouth Argyle, mphindi 90 zinali zitakwana, ndipo nthawi yoonjezera inali ikutha pamene Carlisle inapeza kona.

Glass anasiya golo lake lopanda munthu nathamanga bwalo lonse. Kona itamenyedwa, Scott Dobie anaupha ndi mutu, goloboyi wa Plymouth anaubweza ndi manja, ndipo mpira unagwera pa phazi la Glass amene anali atangofika kumene. Iye anaumenya kamodzi kokha, uwo n'kulowa. Anthu anasefukira m'bwalo n'kumuunjikira mpaka osaonekanso. Carlisle inatsiriza ndi mapointi 49, Scarborough 48.

Tisaiwale a mbali inayo. Scarborough inatuluka mu ligi tsiku limenelo ndipo sinabwereremonso. Mu 2007 inatheratu chifukwa cha ngongole. Chimwemwe cha mzinda umodzi chinali maliro a mzinda wina.

M'mawa mwake

Wina angaganize kuti munthu wochita zotere ndiye kuti walemera. Chigoli chake chinaonetsedwa pa wailesi za kanema m'maiko ambiri, ndipo mpaka lero chimatchulidwa pakati pa zodabwitsa za mpira wa ku England. Koma Glass ndi eni timu ya Carlisle sanagwirizane pa nkhani ya malipiro, moti masewero atatu aja ndi okhawo amene anasewerera timuyi. Anabwerera ku Swindon, kenaka anayendayenda ku Cambridge United, Brentford ndi Oxford United, kulikonse osakhalitsa, mpaka anatsikira ku matimu a kunja kwa ligi, kumalo komwe kuja anapulumutsako anzake. Mu 2001 anasiya mpira ngati ntchito ali ndi zaka 27 zokha, msinkhu umene magoloboyi ambiri amakhala akuyamba kumene kukhwima.

Chinavuta n'chiyani? Mphunzitsi akamafuna goloboyi sayang'ana chigoli chimene munthuyo anagoletsa tsiku lina, koma amafuna wogwira mipira Loweruka lililonse kwa miyezi isanu ndi inayi. Kutchuka kunamupatsa dzina, koma sikunamupatse malo pagolo. Iye mwini wakhala akuvomera poyera kuti analinso ndi vuto la njuga, limene linkamudyera ndalama zochepa zimene ankapeza.

Atasiya mpira anagwira ntchito yotsatsa malonda a zipangizo za makompyuta, kenaka anayamba kuyendetsa takisi m'chigawo cha Dorset. Mu 2004 anatulutsa buku la mbiri yake lotchedwa One Hit Wonder. Patapita zaka, timu yake yakale ya Bournemouth, itakwera kufika m'gulu loyamba, inamulemba ntchito yothandiza osewera pa zosowa zawo za kunja kwa bwalo. Nayo Carlisle sinapulumuke mpaka kalekale: inatuluka mu ligi mu 2004, n'kubwereramo mu 2005, ndipo inatulukanso mu 2025.

Mau kwa makolo ndi achinyamata

Sitikunena kuti mwana wokonda kugwira pagolo timuletse ayi. Mpira ndi luso, ndipo Glass anadya nawo kwa zaka zoposa khumi. Kuyendetsa takisi nakonso si chinthu chochititsa manyazi, pakuti ndi thukuta la munthu. Chimene tikunena n'chakuti ntchito ya mpira ndi yaifupi, ndipo kwa goloboyi khomo lake ndi lopapatiza kuposa la wina aliyense. Ngati izi zinachitikira munthu wa m'dziko la ndalama, amene dzina lake linamveka kutali, nanga mnyamata amene dzina lake silinatuluke m'boma la kwawo?

Akuluakulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Inu anyamata, sewerani mpira koma sukulu musaitaye, ndipo phunzirani ntchito ina ya manja mukadali ndi mphamvu. Kandalama kakapezeka kasungeni, musakaponye pa njuga. Ndipo inu makolo, mwana akamakuuzani za timu imene ikumufuna, kondwerani naye, koma mumufunsenso kuti akadzafika zaka 27 azidzadya chiyani.