Inki Yopanda Mtundu Imene Imasalaza Chithunzi

Munthu akatenga chithunzi cha ukwati chosindikizidwa pa makina a inkjet, nachipendeketsa pang'ono pafupi ndi zenera, nthaŵi zina amaona zodabwitsa: diresi loyera la mkwatibwi likunyezimira mwamtundu wina, pamene suti yakuda ya mkwati ikuoneka yambuu, mwinanso ngati mkuŵa. Ambiri amafulumira kudzudzula wojambula, chonsecho gwero la vutoli lili mu inki.

Inki za makinaŵa zilipo za mitundu iŵiri. Yoyamba, yotchedwa dye, ndi utoto wosungunuka umene umaloŵerera m'pepala monga tiyi pa nsalu. Chithunzi chake chimaŵala mofanana ponseponse, koma ndi chikomekome cha mkuyu, pakuti dzuŵa ndi mpweya zimachisulutsa msanga. Yachiŵiri, yotchedwa pigment, ndi timibulu ting'onoting'ono tosasungunuka timene timakhala pamwamba pa pepala. Imeneyi imapirira zaka zambiri, komabe pa pepala lonyezimira imasiya tizitunda ndi tizigwa tosaoneka ndi maso, kotero kuti pamene inki yachuluka pamabweza kuŵala mosiyana ndi pamene pepala latsala loyera.

Pofuna kuthetsa vutoli, kampani ya ku Japan ya Epson inaika inki yopanda mtundu, yotchedwa Gloss Optimizer, m'makina ake a Stylus Photo R800 amene anafika m'misika ya ku Ulaya ndi ku America m'chaka cha 2004. Mwa timabokosi 8 ta inki m'makinamo, kamodzi kanali ka madzi a utomoni woŵala ngati galasi. Ntchito yake ndi kudzaza malo amene inki yachepa kapena sinafikepo, kuti nkhope yonse ya chithunzi ikhale yosalala. Kampani ya HP inatsatira mu 2006 ndi Gloss Enhancer, ndipo ya Canon inatulutsa Chroma Optimizer mu 2011.

Utomoniwu sapaka ndi burashi ayi. Makina amauwaza okha posindikiza. Chimene wosindikiza amachita ndi kusankha pa kompyuta ngati uthiridwe pa chithunzi chokha kapena pa pepala lonse, mpaka m'mphepete moyera. Akasankha chithunzi chokha inkiyo imakhalitsa, koma malire a pamene utomoni wathera angathe kuonekera. Pa pepala losanyezimira, lotchedwa matte, utomoniwu suli wofunika konse, ndipo kuuthirapo ndi kungosakaza ndalama.

Tsono wophunzira amene watsiriza sukulu nalingalira zotsegula malo ojambulira zithunzi ayenera kudziŵa kuti Gloss Optimizer imakongoletsa, koma si chishango. Chithunzi chisiyidwe tsiku lathunthu kuti chiume chisanaloŵe m'felemu, chigwiridwe m'mphepete mokha, ndipo chipachikidwe kutali ndi dzuŵa ndi chinyontho. Mwini ukwati sadzafunsa dzina la inki. Chimene adzafuna ndi chakuti adzukulu ake adzazindikire nkhope zimene zili pakhomapo.