Kuyenda m'Nthambi za Kaundula wa Ziyankhulo: Chitsanzo cha kwa Mponda

Liwu lakuti hypertext, limene Ted Nelson adalifalitsa m'chaka cha 1965, limatanthauza zolembedwa za pakompyuta zimene masamba ake ngolumikizana, kotero kuti woŵerenga amalumpha kuchoka patsamba lina kunka palina. Masambawo akasanjidwa monga mtengo, woŵerenga amangotsika kapena kukwera m'nthambi zake, pokhapokha wokonza atamuikira ulalo wodutsa chopingasa.

Titenge kaundula wa ziyankhulo za Chibantu wa Malcolm Guthrie, amene adayamba kutuluka m'chaka cha 1948, ndipo timusanje motero. Wofuna Chinyanja achoka patsinde, natsikira ku chigawo N, gulu N30, kufikira pa N31. Akafunanso Chiyao, ayenera kukwera kubwerera patsinde, natsikira ku chigawo P, gulu P20, kufikira pa P21. Ulendo wonsewo ngwa masitepe 6.

Koma kwa Mponda, m'boma la Mangochi, kufupi ndi pamene mtsinje wa Shire utulukira m'nyanja, ziyankhulo ziŵirizi zimamveka pamsika umodzi, ngakhalenso m'kamwa mwa munthu mmodzi. Wokonza ndondomeko ya chiyankhulo cha m'sukulu akangotsata nthambi za mtengowo, adzaŵerenga za Chiyao osadziŵa kuti ana ambiri kumeneko amakula akumva zonse ziŵiri.

Tikuona tsono kuti tsamba lililonse lisoŵa zinthu ziŵiri: mzere wosonyeza njira yochokera patsinde, kuti woŵerenga asasokere, ndiponso ulalo wolunjika ku ziyankhulo zoyandikana nacho m'midzi.