Kompyuta yoziziritsa ndi madzi: ndalama zikachepa muyambire pati?

Kutentha kwa Okutobala kukafika, anyamata opanga mavidiyo m'tauni muno amalakalaka kompyuta yoziziritsa ndi madzi. Koma ngati m'thumba simuli bwino, musayambire pamenepo ayi.

Purosesa ngati Ryzen 5 5600 ndi ya mawati 65 okha, ndipo imabwera ndi fani yake m'bokosi. Ndalamazo gulirani kaye power supply yodalirika, chifukwa yotchipa ikapsa imatha kuononganso zida zina.

Mukafunabe zamadzizo, gulani AIO. Imeneyi imabwera yomata kale, pampu yake imatumiza madzi otentha ku radiyeta kuti akazizire. Ya mamilimita 240 ndi yokwanira, bola ilowe m'kesi yanu ndipo ikhale ndi zomangira za soketi ya AM4.

Yakaunjika isiyeni. Pampu yotopa sioneka ndi maso, koma ikangoima, purosesa imatentha pompopompo.