Kodi Mumadziwa? Injini Kuoneka Boneti Ili Chitsekere

Makompyuta asanafale, akatswiri ojambula zithunzi ankatha kuonetsa injini ya galimoto boneti ili chitsekere. Ankaimika kamera pa choimikira cha miyendo itatu m'chipinda chamdima, n'kujambula galimotoyo. Kenako, filimu ili pomwepo, ankamasula boneti n'kuichotsa, kuwalitsa injini yokha, n'kujambulanso. Chithunzi chikatsukidwa, boneti inkangooneka ngati nkhungu yopyapyala, mawaya ndi mapaipi zili mbee pansi pake. Koma wina akangogunda kamera pang'ono, kapena kutsamira galimoto, basi, zonse zinkayambidwanso.

A kampani ya magalimoto ya General Motors anachita mwa njira ina. Mu 1939, pa chionetsero chachikulu cha ku New York, anabweretsa galimoto ya Pontiac yomwe thupi lake linali la pulasitiki woonekera mkati.